Chimbale chatha kujambulidwa, nanga tikhazikitse liti?

Admin:
Moni nonse pa gulu pano. Nkhani ija yatheka, mnyamata wathu wamaliza kujambula chimbale, nyimbo zonse 10 pulodyusa watumiza dzulo usiku kuchokera ku Lilongwe. Chatsala nkukhazikitsa basi. Maganizo omwe alipo ndi oti tichite shoo pa boma pompano pa Kasungu Loweruka lachiwiri la Febuluwale, mu holo, polowa K5,000 ana K2,000. Tiyeni tikambirane kaye bwinobwino musanayambe kutumiza masitika anu aja

Kabaza Nkhamenya:
Eeee zafika!! Admin ponyani zonse 10 pano timvere, sipika yanga ya pa njinga ndachaja kale, mawa Nkhamenya yonse imva mpaka kwa Kaluluma

Mlongo wa oyimba:
Pepani achimwene zimenezo ndiye ayi. Mukangoponya pano ola silitha zili kale ku Joni, mawa lake zili mu memori khadi ya aliyense pa msika, nde pa shoopo anthu adzagula chani? Inu simukudziwa mmene ndalama ya situdiyo inapezekera, soya yense wa chaka chatha anathera kumeneko kuphatikizapo mbuzi za amayi, thiransipoti ya ku Lilongwe kupita kubwera poti ukafika amati lero magetsi athima bwerani mawa. Tiponya imodzi yokha, zinazo mudzagule

Kabaza Nkhamenya:
Asisi musakwiye ine ndimangofuna kuthandiza kulengeza kkkkk

Obena nyimbo pa msika:
Ndiyankhulepo ine amene ndimakhala pa benchi tsiku ndi tsiku. Asisi mukunena zoona koma mbali imodzi. Munthu akabwera ndi memori khadi sanena kuti ndikufuna chimbale cha uje ayi, amangoti ndidzazireni zatsopano za pa Malawi, zauzimu pang'ono, za ku Zambia pang'ono, amapiano muikemonso, nkulipira ndalama imodzi ya khadi yonseyo. Nyimbo yomwe mulibe mu kompyuta yanga ndiye kuti kwa Chulu, ku Chamama, kwa Wimbe siifika, poti anthu akumudzi bandulo yotsitsira nyimbo pa intaneti alibe, amamvera zomwe zili mu kafoni ka mabatani komweko. Mukabisa zonse mwamubisanso mwana wanuyo. Tulutsani ziwiri kapena zitatu, mutipatse dala ife obena, mupatsenso madalaivala a minibasi za ku Lilongwe ndi a masiyenta opita ku Jenda, zilire mpaka anthu aziloweze, pa shoo munthu amalipira kuti akavine nyimbo yoti akuidziwa osati yachilendo

Mayi a kwaya Chamama:
Inu obena ndi amene munapha oyimba m'dziko muno, lero mwasanduka alangizi?

Obena nyimbo pa msika:
Mayi ine laisensi ya COSOMA, bungwe loona zaumwini wa nyimbo, ndili nayo, ndimalipira. Komanso CD ya kwaya yanu ija munabwera nokha kudzandipempha kuti ndiziika m'makhadi a anthu kkkk

Mayi a kwaya Chamama:
Kkkkk iwe mwana iwe ulibe ulemu

Madala a Chinkhoma:
Ana inu mundilole ndilankhule motalikirapo, zala zanga nzochedwa pa foni. Nthawi ya makaseti, m'ma 1990 mpaka kumayambiriro kwa ma 2000, oyimba akamaliza kujambula ankapita kwa O.G. Issa ku Blantyre, kumeneko nkumene makaseti ankachulukitsidwa nkumwazidwa dziko lonse. Makaseti a malemu Lucius Banda, a Mlaka Maliro, a Billy Kaunda, a Joseph Nkasa ankafika pa boma pano m'makatoni. Koma funso langa ndi ili, ankatha mwezi wanji makasetiwo? Sankatha Febuluwale. Ankatha alimi akagulitsa fodya, munthu watenga ndalama ku banki wagula njinga, wagula wailesi ya kaseti, mabatire, nsalu ya mayi kunyumba, nkugula makaseti atatu anayi nthawi imodzi. Kasungu ndalama yake ili ndi nyengo. Febuluwale fodya ali m'munda wina ali m'zigafa, chimanga m'nyumba chinatha kalekale anthu akugula cha pa ndowa yaing'ono, fizi ya temu yachiwiri angolipira kumene mu Januwale, ngongole ya feteleza ili pakhosi. Ndani akupatseni K5,000 yoti akavinire? Msika wa fodya umatsegulidwa cha mu Epulo, kuno ku Chinkhoma malole amayamba kundanda nthawi imeneyo, ndalama nkuyamba kuoneka m'matumba Meyi, Juni, Julayi, soya ndi mtedza nazonso zimakhala zagulitsidwa. Mukafuna holo idzaze dikirani Juni. Ndatha

Namwino:
Madala anena. Kuonjezera apo Febuluwale ndi mvula, misewu ya kwa Chulu ndi mbali zina zakumudzi imakhala matope okhaokha, anthu athu ambiri omwe amamukonda mnyamatayu ndi akumeneko osati a m'tauni

Mphunzitsi Santhe:
Ndikugwirizana ndi madala koma osati kwathunthu. Zomwe mwaonazo mabandi akuluakulu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre anaziona kalekale. Nyengo ya fodya ikafika wikendi iliyonse pa boma pamakhala mapositala, uyu akubwera uyo akubwera, ndipo amabwera ndi zida zawozawo zamphamvu, dzina lawo lokha limadzaza malo. Mwana wathu akadzagundana tsiku limodzi ndi bandi yotchuka ndiye kuti tidzakhala ife a pa gulu pano tokhatokha mu holo kumayang'anizana. Febuluwale kulibe mpikisano. Komanso miyezi inayi nyimbo zili mu laputopu ya pulodyusa mukuganiza kuti sizituluka? Mu situdiyo mumalowa anyamata angati pa tsiku, aliyense ndi fulashi yake m'thumba

Madala a Chinkhoma:
Aphunzitsi kulibe mpikisano chifukwa kulibe ndalama. Inu mumalandira mwezi ndi mwezi nchifukwa chake simukuona kusiyana

Mphunzitsi Santhe:
Kkkk madala malipiro athuwo akafika pa 5 amakhala atatha, musatiike m'gulu la olemera

Oyimba:
Moni makolo anga, achimwene ndi achemwali nonse, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Zikomo chifukwa cha chikondi. Kunena zoona amene ndinakakamira Febuluwale ndine, chifukwa pulodyusa ndinamusiyira ngongole ndipo akufuna yake, komanso mtima ukungofulumira, nyimbo zina ndinalemba kalekale ndatopa kuziyimbira m'bafa. Koma zomwe anena madala zandilowa. Chomwe sindikufuna ndi kukhala chete miyezi yonseyo anthu nkuiwala kuti kuli chimbale

Wa ku Joni:
Mfana wanga usakhale chete, ndipo palibe akukuuza kuti ukhale chete. Kuno oyimba satulutsa chimbale chonse tsiku limodzi, amayamba ndi nyimbo imodzi, patapita masabata ina, vidiyo, kenako chimbale. Tulutsa imodzi Febuluwale yemweyu, ina kumapeto kwa Malichi, vidiyo Epulo msika ukamatsegulidwa, pofika Juni anthu akhale akufunsa okha kuti shoo ili liti. Za ngongole ya pulodyusa ndiimbire pambali tione, sizoti tizikambira pa gulu

Mlongo wa oyimba:
Ambuye akudalitseni achimwene a ku Joni

Namwino:
Nde yoyamba kutuluka ikhale iti? Ine ndinamvako zitatu tsiku lomwe ankayeserera kunyumba kwa asisi. Yachikondi ija ya nambala 2 ndi yabwino pa zinkhoswe ndi maukwati, ma DJ a maukwati akangoikonda basi yayenda yokha, nthawi ya perekaniperekani imafuna nyimbo ngati imeneyo

Obena nyimbo pa msika:
Nambala 2 ndi yabwino koma zoterozo zilipo zambiri, sabata iliyonse ndimalandira nyimbo zachikondi zosawerengeka zonse kamvekedwe kamodzi, mawu opotokola ndi kompyuta mpaka sudziwa kuti akuyimba ndi munthu kapena foni. Ine yomwe inandigwira ndi nambala 4 ya matenanti. Imayamba ndi ng'oma yokha ya chimtali, gitala kulowa mochedwa, ndipo mawu ake ndi a iyeyo enieni osakonza kwambiri. Nkhani yake ya mwana yemwe makolo ake anachokera ku Phalombe kudzalima fodya pa esiteti, chaka chonse akudya chimanga cha ngongole, pomaliza bwana akutsegula kope akuchotsera chimanga, mchere, makasu, mankhwala a malungo, mpaka bambo aja kutsala ndi ndalama yosakwana ngakhale basi yobwerera kwawo. Ndinaimvera pa foni ya mwiniwakeyo pa benchi panga, mayi wina wogulitsa tomato pafupi anasiya kasitomala nkubwera kudzaima, itatha anangoti ameneyo akunena bambo anga. Nyimbo imeneyo ku Kasungu kuno siifuna kulengeza

Mphunzitsi Santhe:
Imeneyo ndi mbiri ya boma lino ndithu. Anthu ambiri m'midzi yozungulira maesiteti makolo awo anachokera ku Mulanje, Thyolo, Phalombe, ena ku Mangochi, anabwera kudzagwira utenanti nkukhazikika konkuno. Lamulo la zantchito linasinthidwa mu 2021 kuletsa utenanti, koma kufufuta pa pepala ndi kufufuta m'mitima mwa anthu ndi zinthu ziwiri, amene anakulira m'tinyumba ta udzu ta pa esiteti akadali moyo ndipo ndi amene adzaimvere

Namwino:
Sindikukana kuti ndi yamphamvu, koma taganizani. Pokhazikitsa chimbale ndalama yeniyeni siichokera pakhomo, imachokera pogulitsa CD yoyamba. Ndipo amene amaimirira nkunena kuti ine ndigula pa K200,000 ndi ndani ku Kasungu kuno? Ndi eni maesiteti omwewo, ndi ogula mbewu, ndi eni malole. Muwaitane akhale kutsogolo pa mipando ya nsalu yoyera kenako muwayimbire kuti munkabera matenanti?

Kabaza Nkhamenya:
Kkkkkk adzatuluka mmodzimmodzi ngati akukayankha foni

Oyimba:
Achemwali ndakumvani koma nyimbo imeneyo sindichotsa ndipo sindiibisa. Sindinatchule dzina la munthu kapena esiteti. Agogo anga aamuna anagona pa mphasa ya pa esiteti zaka zambiri, amayi anabadwira komweko. Amene akhumudwe ndiye kuti kope lija analidi nalo. Ndipo si onse olima fodya anali otero, ena ankalipira bwino anthu awo mpaka lero amayenderana

Madala a Chinkhoma:
Wayankhula ngati mwamuna. Ine ndinalembapo matenanti zaka za m'mbuyomo ndipo ndidzakhala kutsogolo komweko, sindidzatuluka

Mayi a kwaya Chamama:
Poti mwatchula za CD yoyamba ndikuchenjezeni ana anga, ife zinatiwotcha. Tikukhazikitsa chimbale cha kwaya tinaitana akuluakulu, MC akukuwa, uyu waimirira ine ndigula pa mwakuti, anthu m'manja phwaphwaphwa, wina waimirira ine ndiwonjezera, nthungululu, azimayi kuvina kumuzungulira. Msungichuma akulemba m'kope nkhope ili mwee. Titawerengera usiku umenewo tinkaona ngati tagula kale kiyibodi ndi yunifomu yatsopano. Mawa lake kuyamba kuimba mafoni, uyu ndili pa msonkhano, uyu bwerani Lachisanu, uyu foni osayankhanso mpaka lero, tinatha ndalama ya mayunitsi ndi ya kabaza kulondola anthu omwe anawomberedwa m'manja ulele. Zomwe zinalowadi ndi za azimayi osauka omwe ankaponya ma K500 m'lichero. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndiye inu lamulo likhale loti wogula CD yoyamba apereke pompo, kaya ndi kashi kaya atumize pa Airtel Money kapena Mpamba, meseji ilowe MC awerenge, kenako m'manja. Malonjezo ayi

Admin:
Mayi apa mwatiphunzitsa, ndalemba

Mphunzitsi Santhe:
Funso lina, CD yo alipo akadali ndi choimbira chake? Kunyumba kwanga DVD inafa kalekale ana amaikapo mabuku

Obena nyimbo pa msika:
CD pangani zochepa chabe za mwambo, zoti mlendo wolemekezeka anyamule ajambulitse. Zogulitsa zenizeni zikhale mafulashi ndi mamemori khadi, muike kachithunzi ka oyimba pa kapepala, ndipo wina akhale pa tebulo pakhomo ndi laputopu, munthu walipira mwamuikira mu foni pompo. Ena adzafuna pa WhatsApp, atumize ndalama inu mutumize nyimbo. Adzagawana inde, zimenezo simungaletse, koma oyambawo akhale atalipira

Wa ku Joni:
Ndipo ife a kunja tilipo ambiri a ku Kasungu, Johannesburg, Cape Town, Durban, timasowa za kwathu, tikhoza kugula pa WhatsApp pamtengo woposa wa kumudzi osadandaula. Mundipatse ineyo mbali imeneyo ndizitolera kuno nkutumiza kamodzi

Kabaza Nkhamenya:
Nanga mlendo wolemekezeka akhala ndani? Ine ndikuti tiitane a MP, amabwera ndi envelopu yonenepa

Namwino:
Ayi ayi ayi. Mukangoitana wandale holo imadzaza nsalu za chipani, anyamata ake amalanda maiki kuyamba kutamanda bwana, shoo yasanduka msonkhano. Achipani china omwe amamukonda mwanayu sabweranso, ndipo dzina limamumatirira kuti ndi oyimba wa chipani chakuti, mawa zinthu zikatembenuka palibe omuitana

Kabaza Nkhamenya:
Koma ndalama ilibe chipani achemwali

Madala a Chinkhoma:
Ndalama ilibe chipani koma wopereka ali nacho. Itanani mfumu, itanani abusa kapena wabizinesi wodziwika. Andale akafuna abwere agule tikiti ngati wina aliyense akhale pansi

Mlongo wa oyimba:
Ine ndili mbali ya madala. Tinaonapo kale shoo ina pa boma pompano oyimba anayimba nyimbo zitatu zokha nthawi yonse inathera malankhulidwe

Mphunzitsi Santhe:
Tisanapite patali, kodi nyimbozi zalembetsedwa ku COSOMA? Chifukwa tikukamba zopereka kwa obena ndi ku mawailesi koma ngati sanalembetse ndiye kuti zikamaseweredwa palibe chomwe adzalandire. Bungwe limeneli lilipo kuyambira 1992, ndipo lamulo latsopano la zaumwini wa luso linabwera mu 2016. Amatolera ndalama ku mawailesi, ma TV, malo azisangalalo, komanso pali ndalama ina yomwe imadulidwa pa zipangizo zosungira nyimbo monga mafoni ndi mafulashi zikamalowa m'dziko muno, imeneyo amagawira mamembala. Sikuti udzalemera nayo poyamba ayi koma ndi yako. China chofunika, ulembe bwinobwino kuti wopeka ndani, woyimba ndani, pulodyusa gawo lake ndi lotani, musainirane papepala panopa mukadali pa ubale wabwino, chifukwa nyimbo ikatchuka mpamene aliyense amakumbukira kuti ndine ndinaikamo kamzere kaja

Oyimba:
Aphunzitsi sindinalembetse, ndinkaona ngati ndi za oyimba akuluakulu okhaokha. Ndipita ku Lilongwe sabata yamawa ndikatenga ma fayilo kwa pulodyusa ndikadzera ku ofesi kwawo

Mphunzitsi Santhe:
Upite ndi chitupa chako cha unzika ndi mawu a nyimbo zonse olembedwa, ukafunse zina zofunika komweko

Obena nyimbo pa msika:
Za mawailesi musayambire kutali. Yambani ndi wailesi yathu ya pa boma pano, kenako Mudzi Wathu ku Mchinji poti kumeneko chimtali ndi gule amazimva ngati ife, ndipo zikalira ku Mchinji zimaolokera ku Chipata zokha. Zodiak ndi MBC Radio 2 mupititse inde koma kumeneko nyimbo zimafika zambirimbiri tsiku lililonse, yanu imafunika anthu aziipempha. Nde ntchito ya gulu lino ikhale imeneyo, pulogalamu ya moni ikayamba tonse titumize mameseji kupempha nyimbo imodzimodziyo, wa ku Santhe, wa ku Mtunthama, wa ku Chatoloma, wa ku Nkhamenya, muulutsi aone kuti kuli moto

Mayi a kwaya Chamama:
Ena aulutsi amafuna ya fanta kaye, ife ku wailesi ina tinasiya CD katatu konse osaimva, titapereka kangachepe mawa lake inalira m'mawa ndi madzulo

Admin:
Mayi musatchule dzina la wailesiyo pano chonde kkkk gulu lino muli anthu ambiri

Kabaza Nkhamenya:
Oyimba ndifunseko, muli nyimbo ya Chitumbuka m'chimbalemo? Chifukwa kuno kumpoto kwa boma anthu akamva zonse Chichewa amati si wathu uyu

Oyimba:
Ilipo achimwene nambala 7, vesi yachiwiri yonse ndi Chitumbuka, anandithandiza mnzanga wa kwanu komweko kuti ndisaphwanye chiyankhulo cha eni

Kabaza Nkhamenya:
Yewo chomene!! Basi imeneyo ndi yanga, mpaka Jenda imva

Wa ku Joni:
Tikambeko za intaneti poti ana a masiku ano ali kumeneko. Spotify inafika ku Malawi mu 2021, kuli Boomplay, kuli Audiomack, koma kuti nyimbo ilowe Spotify sumangoiponya wekha, umadzera kwa makampani ogawa nyimbo monga DistroKid kapena TuneCore ndipo amafuna khadi yolipirira madola, imeneyo ndigwiritsa yanga. Koma ndinene mosabisa, ndalama ya kumeneko ndi yochepetsetsa, kuti uione pamafunika anthu masauzande ambirimbiri amvere, tikuikako kuti munthu wa ku London kapena ku Dublin akafuna aipeze basi. YouTube nayo kuti uyambe kulandira za malonda amafuna okutsatira 1,000 ndi maola 4,000 oonera, nde musamunamize mwanayu kuti akaponya vidiyo mawa alemera. Komwe ndikuona mwayi ndi TikTok. Taonani agogo Giddes Chalamanda, anayimba moyo wawo wonse, koma dziko lonse linadzawadziwa atapitirira zaka 90 chifukwa cha kakilipu kafupi komwe anthu ankagawana pa TikTok. Ng'oma yoyambirira ya nambala 4 ija mukadula masekondi 20, azimayi a chimtali enieni avine atavala zitenje zofanana, anthu adzayamba kutengera okha

Namwino:
Azimayi a chimtali ndiwapeza ine, apongozi anga ndi amene amatsogolera gulu la kwawo, koma muwapatse ya sopo osangowajambula nkuthawa

Mlongo wa oyimba:
Zoona zimenezo. Vidiyo tinaganiza zojambulira m'munda wa fodya ndi pa chigafa, nchifukwa chake ikufunika ijambulidwe fodya asanathe m'munda ngakhale idzatuluke mochedwa, mbali ina pamwamba pa phiri la Kasungu tauni yonse izioneka pansi

Kabaza Nkhamenya:
Bwanji ku Lifupa ku paki, pa damu paja mpokongola

Madala a Chinkhoma:
Ku paki kumafuna chilolezo ndi ndalama yolowera, komanso njovu 263 zomwe anabweretsa kuchokera ku Liwonde mu 2022 zija sizidziwa kuti uyu ndi oyimba

Kabaza Nkhamenya:
Kkkkkkk madala mwandipha

Admin:
Tibwerere ku za shoo abale. Tikasankha Juni ndiye bajeti isintha, tiyenera kudziwa zida tibwereka kuti. Chiyambireni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 eni zida anakweza mitengo poti sipika ikapsa kapena waya wa gitala akaduka zonse nzoitanitsa kunja. Pakufunika masipika, jenereta yodalirika ndi mafuta ake ogulidwiratu osati kudikira tsiku lomwelo mupeze pa filing'i pali mzere, apolisi achitetezo, mapositala, galimoto yolengeza, chakudya cha oyimba othandizira

Obena nyimbo pa msika:
Jenereta ndiye musaseweretse. Ndipo oyimba ayimbe ndi bandi osati kuyimba pamwamba pa CD, anthu a kuno akalipira amafuna aone woyimba ng'oma akutuluka thukuta. Zida zikalira bwino theka la ntchito latha, zikamalira ngati wailesi yothera mabatire ngakhale nyimbo ikome bwanji anthu amapita kukamwa panja

Mphunzitsi Santhe:
Ine nkhawa yanga ya kugundana ndi mabandi akuluakulu sinayankhidwebe

Madala a Chinkhoma:
Aphunzitsi mabandi amenewo amayimba usiku m'malo omwera mowa. Ife tichite masana, Lamulungu anthu akaweruka ku tchalitchi, kuyamba 1 koloko kutha dzuwa lisanalowe, azimayi abwere ndi ana, a kumudzi apeze kabaza wobwerera kukadali kowala, ndipo Juni usiku kumazizira ndani akufuna kunjenjemera mu holo. Anthu athu ndi ena, awo ndi ena

Mphunzitsi Santhe:
Hmm apo mwina. Koma tsikulo tilengeze msanga, mapositala akwere Meyi asanafike kuti ena akamakonza zawo aone kuti tatenga kale. Ndipo za kutuluka kwa nyimbo mu situdiyo ndikadali nazo mantha

Oyimba:
Ndikatenga zonse sabata yamawa ndipo ndikamupempha pulodyusa tisainirane kuti asapatse munthu. Kupitirira apo ndi Mulungu

Mayi a kwaya Chamama:
Komanso musathere pa boma pokha. Shoo ya pa boma ikatha muzungulire masiku a msika, Chamama, Santhe, Nkhamenya, Mtunthama, ngakhale pa bwalo la sukulu ndi masipika awiri, polowa pakhale potsika. Kumeneko nkumene kuli anthu a nyimbo ya matenanti ija, ambiri sangakwanitse thiransipoti yobwera ku boma kuphatikiza tikiti

Namwino:
Nde K5,000 ija ikhalabe? Ine ndikuona ngati pa Juni ndi yotheka, koma tipange matikiti ogulitsiratu otsikirako kuti ndalama ya zida ipezeke msanga

Admin:
Ogulitsiratu K4,000 pakhomo K5,000, ana K2,000 chimodzimodzi. Otsutsa anene pano. Msungichuma ndikupempha akhale mayi a kwaya poti anapsa kale sangapsenso kawiri

Mayi a kwaya Chamama:
Kkkk ndavomera koma tikhale awiri, ndalama ya gulu munthu mmodzi ayi, anamwino mundithandize. Ndipo chilichonse cholowa ndiziponya pano aliyense aone

Namwino:
Ndilipo mayi, bola masiku omwe ndili pa nayiti musandiimbire m'mawa

Kabaza Nkhamenya:
Ine ndikadali ndi maganizo a MP aja koma poti mwandichulukira basi

Wa ku Joni:
Mfana wanga nditumizire nambala 4 ndi chithunzi cha pachikuto chooneka bwino, osati chojambula ndi foni ya asisi ija, makampani aja amakana zithunzi zosaoneka

Mlongo wa oyimba:
Foni yanga yalakwa chani achimwene kkkk. Chithunzi tikajambulitsa Loweruka pa situdiyo ya zithunzi pa boma, malaya ndasita kale

Obena nyimbo pa msika:
Potumiza nyimboyo mutumize ngati dokyumenti osati kuijambulanso ndi foni, ikafika yofinyika mabesi onse amathawa. Ndipo pa dzina la fayilo mulembe dzina la oyimba ndi mutu wa nyimbo, ndatopa ndi nyimbo zofika zolembedwa track 4 anthu nkumandifunsa kuti wayimba ndani ine osadziwa

Madala a Chinkhoma:
Wina adzandiikire ine mu foni Lachitatu ndikubwera ku boma kudzagula mankhwala a ng'ombe, zotsitsa ndekhazi zimandikanika

Obena nyimbo pa msika:
Dzafikeni pa benchi madala, kuseri kwa ogulitsa mafoni, yanu ndi yaulele

Admin:
Za holo ndipita ndekha mawa kukafunsa ngati Lamulungu lachitatu la Juni ndi lomasuka, akakana ndibwera ndi masiku ena tisankhe. Amene ali ndi nambala ya eni jenereta anditumizire ku inbox